Mapiritsi Anga Sindigawa

Tinanyamuka kwa Maganga 5 koloko m'mawa, Lachitatu, anthu atatu: ine, mchemwali wanga Nabanda, ndi amuna ake, alamu anga a Saidi. Ndikulemba ulendowu chifukwa kumudzi dzina langa lakhala likutafunidwa kwa mwezi wathunthu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma chimene ndaona ndi maso anga ndimatha kuchilemba.

Ndili ndi khansa ya m'magazi. Chino ndi chaka chachitatu. Ku chipatala chachikulu ku Lilongwe anandipatsa mapiritsi: limodzi pa tsiku, 8 koloko m'mawa, nditadya, ndi madzi odzaza kapu yaikulu. Anati ndisaliphwanye, ndisalitafune, ndisadumphitse tsiku, ndipo ndikaiwala ndisamwe awiri pofuna kubweza. Anatinso ndisapatseko munthu aliyense. Ine chinthu sandiuza kawiri. Kuchipatalako ndinapita atachita kundinyamula. Lero mpunga ndi chinangwa ndimalima ndekha.

A Saidi ndi asodzi, akhala m'madzi chiyambire ubwana wawo. Chaka chino anayamba kufooka, mimba kutupa mbali ya kumanzere, monga inkachitira yanga. Ku chipatala cha pa boma anawalembera kalata yoti apite ku Lilongwe. Kalatayo inagona m'sutikesi milungu itatu. Abale anati ulendo ndi wa chiyani, poti matenda ndi omwewo ndipo mankhwala ali m'nyumba mwanga. Kwathu ndi mmene timachitira. Wina akatsokomola, mnzake amatulutsa mapiritsi otsala a chaka chatha. Mankhwala timapemphana pakhomo ngati mchere.

Ndinakana. Nabanda anabwera katatu, ndinakana katatu. Kutchalitchi amayi ena anasiya kundipatsa moni. Ankati mkulu uja ndi wouma mtima, akufuna achire yekha, mlamu wake afe. Ena anafika ponena kuti ndikudziwapo kanthu pa matenda a alamu. Ndinagulitsa thumba la mpunga n'kutumiza uthenga kunyanja kwa a Saidi kuti tsiku langa loonana ndi adokotala likafika tipita tonse, kalata m'manja. Anabwera Lachiwiri masana n'kugona kwathu. Nabanda anandisesera m'nyumba, ine ndinathokoza.

M'mawa mwake ndinatenga botolo la mapiritsi m'chitini momwe ndimasunga, osalitsekula, n'kulikulunga m'jumbo pamodzi ndi kabuku kanga ka kuchipatala. Ndinaika m'thumba la m'kati mwa jekete.

Kukafika pa boma tinakwera kabaza wa njinga zamoto, K3,000 munthu mmodzi. Alamu anakhala pakati, Nabanda kumbuyo atawagwira. Ine ndinakwera ina. Msewu wathu ndi wamchenga, njinga imavina.

"Madala, gwirani zolimba!" anatero wa kabaza.

"Iwe yendetsa bwino. Kugwira ndinayamba usanabadwe."

Pa depoti ya Salima tinafika 6 koloko. Oitanira anatithamangira ngati tabwera ndi malipiro awo. Aliyense ankalumbira kuti minibasi yake yatsala anthu atatu okha, ndipo atatuwo ndife. Tinakwera ina imene inkaoneka yodzaza, K12,000 aliyense. Titangokhala pansi, anyamata anayi amene anali m'katimo anatsika mmodzimmodzi. Anali ongodzazira mipando kuti akope anthu. Tinadikira ola lathunthu.

Tikudikira choncho, pazenera panafika bambo wovala tayi, atanyamula chikwama cha mabotolo a madzi akuda. Anayang'ana alamu, kenako ine.

"Akuluakulu, awa ndi otsuka magazi. Shuga, BP, khansa, zonse amachotsa. Botolo limodzi mukhala ngati mnyamata."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Ndi chinsinsi cha makolo, madala."

"Adokotala anga anati chilichonse chimene ndikufuna kumwa, ngakhale cha zitsamba, ndiyambe ndawauza dzina lake. Ndikawauze kuti ndamwa chinsinsi?"

Anapita pa zenera lina.

Tinanyamuka 7 koloko, anayi pa mpando wa anthu atatu. Ine ndinali pakati pa Nabanda ndi mayi wina wonenepa wa geni ya usipa, amene beseni lake analiika pa mapazi anga osapempha. Kutsogolo kwathu kunali mphunzitsi wina wochokera ku Ntcheu, amene anatiuza yekha kuti ndi mphunzitsi tisanamufunse. Pa Kaphatenga tinatenganso anthu awiri ndi mbuzi. Kondakitala anapinda msana, theka la thupi lake lili panja.

Titayamba kukwera mapiri a ku Mvera, minibasi inayamba kulira ngati ikupempha kuti titsike tiithandize. Alamu anati akumva nseru. Nabanda anatulutsa jumbo msanga, ngati ankayembekezera. Anasanza kawiri.

"Adona, agwirireni bwino, mipando iyi ndi ya bwana!" anakuwa kondakitala.

"Astaghafirullah," anatero alamu akupukuta pakamwa. "Zaka zonsezi m'bwato, mwera uwombe chotani, sindinasanzepo. Lero ndisanzire galimoto?"

"Nyanja ilibe mapiri, alamu," ndinawaseka. Anthu anaseka nawo. Nabanda sanaseke. Ankangoyang'ana panja.

Pa Chezi tinafika 8 koloko itangokwana. Pamenepa minibasi imaima, ogulitsa amazinga mazenera ndi tomato, nthochi, mazira ndi mbatata yophika. Ndinagula mbatata ziwiri ndi dzira limodzi. Madzi ndinali nawo anga a m'botolo la malita awiri.

"Tiyeni, dalaiva!" anatero kondakitala.

"Dikira. Ndidye, ndimwe mankhwala."

"Mudyera m'njira, madala."

"M'njira yako ya maenjeyi madzi andithira m'mphuno. Ndalipira, dikira."

Dalaiva anaseka n'kuzimitsa injini, nayenso anaitanitsa chimanga chootcha. Ndinadya mbatata zanga. Ndinatulutsa botolo, ndinatsekula.

Munali piritsi limodzi.

Dzulo lake, nditamwa la tsikulo, munatsala asanu. Kuchipatala amandipatsa oonjezera pang'ono kuti ulendo ukavuta ndisakhale opanda. Ndimawerenga tsiku lililonse, ndipo sindinasokonezepo. Ndinagwedeza botolo, ndinasuzumiramo, ndinayang'ana m'jumbo. Kenako ndinayang'ana mchemwali wanga.

"Nabanda, mapiritsi anga ali kuti?"

"Mapiritsi ati, achimwene?"

"Usandiyankhe ndi funso. Anali asanu. Wasesa m'nyumba mwanga ndiwe."

Minibasi yonse inakhala chete, ngakhale mbuzi. Kenako Nabanda anayankhula motsitsa mawu, maso ali pa maondo.

"Ndinatenga anayi. Limodzi ndinawapatsa dzulo madzulo, lina lero tisananyamuke. Ndinaphwanya ndi supuni n'kuthira m'phala. Ndimafuna apeze mphamvu ya ulendo."

"Ndiye kuwawa kwa phala lija?" anatero alamu. "Ine ndimati ufa wavunda, ndimangokuchitira ulemu."

"Ena awiri ali kuti?" ndinafunsa.

Anaika dzanja pa mfundo ya chitenje, paja amayi amamangapo ndalama.

"Bweretsa."

"Ayi, achimwene. Ndikaone kaye ngati ku Lilongweko akawapatse mankhwala. Akakangotiuza kuti bwerani mwezi wamawa, ndibwerere nawo chimanjamanja?"

Chitenje cha mchemwali wako sungachigwire pagulu. Ndinamusiya. Ndinaika piritsi langa pa lilime, ndinamwa madzi mpaka theka la botolo, pang'onopang'ono, anthu onse akundiyang'ana. Ndinatseka botolo la mapiritsi lopanda kanthu n'kulibweza m'jekete.

"Tsopano tiyeni," ndinauza dalaiva.

Kuchoka pa Chezi mpaka pa Chankhungu, minibasi inasanduka bwalo la milandu, woimbidwa mlandu ndili ine. Anayamba mayi wa usipa.

"Agogo, inunso! Mchemwali wanu wa bere limodzi achite kukuberani? Mukanangomupatsa. Mulungu amaona."

"Amaonadi. Akuonanso beseni lanu pa mapazi anga."

"Mankhwalawo si aulere kodi?" anatero mphunzitsi atatembenuka. "Mumagula? Nanga kuumira kwake n'kwa chiyani?"

"Aphunzitsi, magalasi mwavalawo mungabwereke mwana wa m'kalasi mwanu amene sakuona pa bolodi?"

"Ayi, amayeza kaye maso."

"Ine anandiyeza magazi. Awa sanawayeze."

"Koma zizindikiro n'zofanana," anatero mayi uja. "Mchemwali wanu ananena pa depoti paja kuti mimba inatupa chimodzimodzi."

"Yanunso ndi yaikulu, mayi. Ndikupatseni?"

Kumbuyo anyamata anaseka mpaka kumenya mpando. Mayiyo anandinena kuti ndine nkhalamba yamwano. Sindinatsutse. Ndinawauza onse chinthu chimodzi, ndipo sindinakweze mawu. Mapiritsi awa si a mutu. Ndi amphamvu, amalimbana ndi magazi enieniwo. Ine amene anandilembera, mwezi woyamba anandisanzitsa, anatupitsa zikope ndi mapazi, ndipo madokotala ankandiyeza magazi pafupipafupi kuti aone ngati thupi likupirira. Anandiuza kuti ndikatentha thupi, kapena ndikaona magazi m'kamwa kapena m'chimbudzi, ndithamange kuchipatala tsiku lomwelo. Munthu womwetsedwa mobisa m'phala, adzamuyeza ndani? Ndipo ndikagawa, anga amatha tsiku lisanakwane, matenda anga n'kudzuka. Pamenepo maliro akhala awiri.

Palibe anavomera. Mphunzitsi anayamba kuyang'ana foni yake. Mayi wa usipa anati anthu a masiku ano chikondi chinatha. Ndinamusiya anene.

Ndinatembenukira kwa Nabanda.

"Tikafika ukanena kwa adokotala zimene wachita."

"Achimwene, mukufuna akandikalipire pa anthu? Mwina akakana n'kuwathandiza komwe."

"Alamu, zisiyeni," anatero a Saidi. "Zapita zimenezo."

"Sizinapite. Zili m'mimba mwanu. Akapanda kunena iyeyu, ndinena ine."

Kuchokera pamenepo mpaka ku Kanengo sitinayankhulane. Ndinkangoyang'ana malole ndi nyumba zikuluzikulu za fodya. Ndisaname, mtima unkandipweteka. Nabanda ndinamulera ndine bambo athu atamwalira. Koma sindinasinthe maganizo.

Mu depoti ya Lilongwe tinatsika cha m'ma hafu pasiti naini. Amene simunafikeko, dziwani kuti kumeneko munthu sakupatsa njira, umachita kuilanda. Ndinayenda patsogolo, alamu pakati, Nabanda pambuyo ndi chikwama pamutu. Tinakwera minibasi ina ya K1,500 mpaka pa geti ya chipatala.

Kumalo kwathu kwa odwala khansa amandidziwa. Namwino anandilandira kabuku, ananditenga magazi, n'kundiuza kuti zotsatira zituluka masana. Sindinakhale pa benchi. Ndinatsatira alamu kumene anawalozera ndi kalata yawo. Tinadikira maola awiri. Atawaitana, ndinalowa nawo.

"Gadiyani mmodzi yekha, agogo," anatero wapakhomo.

"Uyu ndi mkazi wawo. Ine ndine mboni."

Anandiyang'ana, n'kundisiya.

Adokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wanga. Anawerenga kalata, anagoneka alamu, anawasinika pamimba, anawayang'ana m'maso ndi m'kamwa. Anafunsa ntchito yawo. Kenako anafunsa funso limene ndinkalidikira.

"Pali mankhwala amene mukumwa? A kuchipatala, a kugolosale, kaya azitsamba?"

"Palibe," anatero alamu.

Ndinayang'ana Nabanda. Iye anayang'ana pansi. Ndinawerenga mumtima mpaka khumi.

"Adokotala, pali nkhani," ndinatero, n'kuika botolo langa lopanda kanthu pa tebulo.

"Ndinena ndekha," anatero Nabanda. Ndipo ananena zonse: kusesa, chitini, supuni, phala.

Adokotala sanakalipe. Anawerenga dzina la pa botolo, anafunsa kuti angati, nthawi yanji, atadya chiyani, ndipo asanza kangati. Zonse analemba.

"Mwachita bwino kunena, amayi. Mukanabisa, kusanzaku tikanakufufuza kolakwika, ndipo magazi awo tikanawawerenga osadziwa chimene chalowa m'thupi. Koma musadzabwerezenso. Ndipo mapiritsi awa saphwanyidwa ndi supuni ya pakhomo. Supuniyo ndi mbaleyo zikatsukidwe bwino ndi sopo, ana asadyeremo zisanatsukidwe."

Anatumiza alamu kukatengedwa magazi. Ife tinatuluka kukadikira pansi pa mtengo. Ndinagula tchipisi cha pa chiwaya ndi tiyi. Ndinapatsa Nabanda mbale yake, analandira ndi manja awiri. Mfundo ija inali ikadali pa chitenje.

Cha m'ma 2 koloko anatiitananso. Adokotala anaika pepala la alamu pa tebulo n'kupempha kabuku kanga. Anatsekula masamba oyambirira, a nthawi imene ndinabwera atandinyamula.

"Agogo, inu pobwera, tizilombo toyera ta m'magazi, asilikali a thupi aja, tinali tochuluka mopitirira muyeso. Mapiritsi anu ntchito yake ndi kutitsitsa. Bambo awa tawo n'tochepa kale. Komanso mbali ya magazi imene imathandiza kuti bala lisiye kutuluka magazi ndi yotsika kwambiri. Sizikuoneka ngati matenda anu."

"Nanga n'chiyani?" anafunsa Nabanda.

"Tiunika m'mimba mawa kuti titsimikize. Koma munthu amene wakhala m'nyanja moyo wake wonse, ndikuganizira likodzo lokhalitsa, limene lavulaza chiwindi n'kutupitsa kapamba. Tiwagoneka."

"Likodzo?" anatero alamu. "La ana lija?"

"Lomwelo, bambo. Likakhalitsa silisewera."

"Nanga mapiritsi a achimwenewa sangathandizeko ngakhale pang'ono?" Nabanda anafunsabe. Ndi wa magazi anga, sagonja msanga.

"Ayi, amayi. Amatsitsa zimene zatsika kale, ndipo amalemetsa chiwindi chimene chikuvutika kale. Poti awiri amwa kale, bambowa tiwayang'anira. Akanamwa milungu itatu ija kalata ili m'sutikesi, akanatha kuyamba kutaya magazi osaleka, muli kunyanja, kutali ndi thandizo."

Alamu ananong'ona mawu a Chiarabu amene sindinawamve. Nabanda anaweramira pa chitenje chake, anamasula mfundo ndi mano chifukwa inali yolimba. Munali ndalama zopindapinda ndi mapiritsi awiri, atanyowa ndi thukuta, akununkha nsomba. Anandipatsira. Ndinatambasula dzanja.

"Ayi, agogo," anatero adokotala. "Amenewo musamwenso. Asiyeni pano, titaya ife moyenera. Amayi, kasambeni m'manja apo pali sopo."

Ndinabweza dzanja. Nanenso tsiku limenelo anandiphunzitsa chimodzi.

Zanga zinayenda bwino. Magazi anga anati ali m'malo mwake. Polandirira mankhwala ndinanena kuti anayi anasowa ndipo ndinanena mmene anasowera, kuti zilembedwe zoona. Mnyamata wa pazenera anandipatsa botolo latsopano, ndinawerenga pamaso pake. Anati agogo simutikhulupirira? Ndinati ndimawerenga ngakhale a m'nyumba mwanga.

Alamu anawapatsa bedi la pafupi ndi khomo. Nabanda anatsala ngati gadiyani. Ndinamusiyira jekete langa chifukwa ku Lilongwe kumazizira ndipo sanatenge chofunda. Anandiperekeza mpaka pa geti.

"Achimwene, kumudzi mukanena?"

"Ndi pakamwa ayi. Amandidula mawu. Ndikalemba, akawerenge okha."



"Lembani. Koma mukalembenso kuti sindinabe kuti ndikagulitse. Ndimafuna amuna anga akhale moyo."

Ndalemba, Nabanda.

Ndinakwera minibasi ya 4 koloko. Pa Chezi ndinagula nthochi, sindinakangane ndi munthu. Pa boma ndinatsika kutayamba kuda, ndinalowa m'sitolo ya zitsulo isanatsekedwe n'kugula loko yaing'ono ya K2,500, kenako kabaza mpaka kwa Maganga.

Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'chochepa. Mimba ziwiri zitha kutupa mofanana, matenda ali osiyana, ndipo maso a abale sayeza magazi. Kale ndinkakana chifukwa adokotala anandiuza. Tsopano ndikukana chifukwa ndaona pepala.

Ndikufika pakhomo ndinapeza mayi wa nyumba yoyandikana nane akundidikira, mmodzi mwa aja anasiya kundipatsa moni. Tsiku limenelo moni anapereka, mpaka kugwada.

"Mwayenda bwanji, agogo? Mwabwera nawo atsopano? Bambo a kwathu sabata ino akungofooka, ndiye ndimati mwina limodzi lokha."

Ndinamuuza kuti kabaza ndi K3,000, chipatala cha pa boma chimatsekula m'mawa, ndipo akafuna wowaperekeza ndilipo. Ndinalowa m'nyumba, ndinaika botolo m'sutikesi, n'kutseka ndi loko ija iye akumva. Kiyi ndinamanga pa chingwe, ili m'khosi mwanga. Anene zimene anene.